MAGAZI AULULA CIMENE CITSEKA CIFUWA

Alipo anthu amene caka ndi caka, udzu ukangocita maluwa m'nyengo ya dzinja, amayetsemula kosalekeza, maso nayabwa, cifuwa nicilira usiku wonse. Ena zimawagwira potapa cimanga ca cuku m'nkhokwe. Kumudzi amangoti ndi cimfine, koma kawirikawiri si cimfine ai: thupi likulimbana ndi mungu kapena fumbi la cuku ngati mdani.

Pa nkhondoyi thupi limapanga asilikali a m'magazi ochedwa IgE. Anawatulukira m'zaka za 1966 ndi 1967 ndi a Kimishige Ishizaka ndi akazi ao a Teruko ku Denver, ndiponso a Johansson ndi a Bennich ku Uppsala, m'dziko la Sweden. Komweko ku Uppsala, mu 1967, kunapezeka njira yowapimira.

Namwino amatenga magazi pang'ono pamkono. Ku labotale amawakumaniza ndi mungu wa udzu paokha, cuku ca Aspergillus pacokha, ca Alternaria pacokhanso. Kumene asilikali aja akangamira, mdani ndi yemweyo. Mapiritsi oletsa kuyetsemula, amene amasokoneza kupima kwa pakhungu, sasokoneza kupima kumeneku.

Komabe pepala lokha silitha mlandu, pakuti ena magazi ao amaonetsa IgE koma iwo osadwala konse. Dokotala adzafunsabe mwezi ndi malo amene cifuwa cimayambira, ndipo banja licita bwino kusunga zimenezi m'mutu. Koma wotsokomola kupitirira masabata awiri ayambe wapimitsa TB.