Kutumiza Fayilo Yaikulu ku Cloud Kudzera pa API: Mafunso ndi Mayankho

Fayilo yaikulu imavuta chiyani, poti intaneti ndi yomweyo?

Imavuta chifukwa cha nthawi. Chithunzi cha 3 MB chikakanika, pulogalamu imangochitumizanso ndipo palibe amene amazindikira. Kanema wa 80 GB amatenga maola, ndipo m'maola amenewo netiweki ikhoza kuduka kapena magetsi kuthima. Ngati fayilo yonse inali m'pempho limodzi la HTTP, ntchito yonse yalowa m'madzi, muyambiranso pachiyambi. Eni ma seva amaikanso malire awo: ku Amazon S3 pempho limodzi silipitirira 5 GB, ku Dropbox njira wamba ya API imathera pa 150 MB.

Ndiye amatani?

Amaidula m'zidutswa, monga chimanga chimapitira kumsika m'matumba: thumba limodzi likabooka, enawo afika. S3 inayamba njira imeneyi, yotchedwa multipart upload, mu 2010. Pulogalamu imauza seva kuti ikuyamba, seva nkupereka nambala ya ntchitoyo, UploadId. Chidutswa chilichonse chimanyamuka ndi nambala yakeyake, ndipo chikafika seva imabweza chizindikiro chotchedwa ETag. Zonse zikafika, pulogalamu imatumiza mndandanda wa manambala ndi ma ETag aja, seva nkulumikiza zidutswazo. Zingathe kupita zingapo nthawi imodzi, cha 40 kufika cha 12 chisanafike, palibe chovuta.

Chidutswa chikhale chachikulu bwanji?

Apa mpamene ambiri amapunthwa. S3 imalola zidutswa zosaposa 10,000, ndipo chilichonse, kupatula chomaliza, chisachepere 5 MB. Wolemba pulogalamu amasankha 5 MB yomweyo poganiza kuti zing'onozing'ono nzosavuta kubwereza, amayesa ndi fayilo ya 2 GB, zonse zikuyenda bwino. Koma 5 MB kuchulukitsa ndi 10,000 ndi pafupifupi 50 GB basi. Tsiku lobwera fayilo ya 80 GB, pulogalamu idzayenda maola angapo kenaka nkukanidwa ili mkati mwa njira. Nzeru yake ndi kuwerengeratu: gawani kukula kwa fayilo ndi 10,000, chidutswa chisachepere pamenepo. Kukulitsa kwambiri nakonso kuli ndi mtengo wake. Chidutswa cha 500 MB chikaduka chili pafupi kutha, mwataya 500 MB yonse, ndipo pulogalamu yosunga zidutswa zinayi zotere mu RAM yadya kale 2 GB. Ine ndimati kumene netiweki imadukaduka, chidutswa chikhale chaching'ono monga masamu aja angalolere.

Kodi Google imachita chimodzimodzi?

Ili ndi njira ina, resumable upload. Seva imapereka adiresi ya ntchitoyo, yomwe imagwira ntchito kwa mlungu umodzi. Zikaduka, pulogalamu imafunsa kuti zafika pati, seva imayankha ndi nambala 308 ndi kuchuluka kwa ma byte amene yalandira, nkupitirira pomwepo. Zidutswa zimayenda motsatizana, ndipo kukula kwa chilichonse, kupatula chomaliza, kuyenera kugawika ndi 256 KB.

Nanga ntchito ikasiyidwira panjira?

Ku S3 zidutswa zimene zinafika zimakhalabe, ndipo mumazilipira mwezi ndi mwezi ngakhale siziwoneka pa mndandanda wa mafayilo anu. Bilu imangokwera, munthu nkumadabwa. Ikani lamulo la lifecycle lofufuta ntchito zosatha pakapita masiku angapo. Ndi chinthu cha mphindi zochepa, koma kawirikawiri chimaiwalika.

Ndingatsimikize bwanji kuti yafika yosawonongeka?

Musadalire kuyerekeza ETag ndi MD5 ya fayilo yanu. Fayilo yopita m'zidutswa imakhala ndi ETag yowerengedwa kuchokera ku zidutswazo, yothera ndi kamzere ndi chiwerengero chawo, monga -160, choncho sizingafanane. Tumizani checksum ya SHA-256 kapena CRC32C pamodzi ndi chidutswa chilichonse, kuti seva ikane chowonongeka nthawi yomweyo, pulogalamu ichitumizenso.