Nkhokwe Imodzi, Eni Ace Ambiri

Kuyambira caka ca 2017 maina a alimi olandira feteleza wa boma, pamodzi ndi a ku Petauke ndi ku Nyimba, amalembedwa m'makina a kompyuta, dzina lace ZIAMIS. Ogulitsa mbeu ndi feteleza naonso amalemba malonda ao momwemo. Mosungira mau motere mumanenedwa database, ndipo mufanana ndi nkhokwe imodzi ya eni ambiri. Tsono funso ndi ili: kodi nkhokwe yotere imangidwe bwanji, kuti wasitolo wa ku Nyimba asaone mitengo ndi maina a ogula a mnzace wa ku Petauke?

Amisiri a nchito imeneyi ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndiyo kumangira mwini ali yense nkhokwe yaceyace. Pamenepo zinthu sizisokonezeka konse, koma ndalama zimapita zambiri, pakuti nkhokwe iri yonse ifuna kuisamala payokha. Yaciwiri ndiyo kumanga nyumba imodzi ndi kuigawa zipinda, cipinda ciri conse ndi mfungulo yace. Yacitatu, imene iri yochipa koposa, ndiyo kuunjika matumba onse pamodzi, koma thumba liri lonse lolembedwa nambala ya mwini wace.

Ngozi iri pa njira yacitatuyi. Wolemba malamulo a makina akangoiwala kamodzi kuwauza kuti ayang'ane nambala, makinawo adzapatsa munthu za eni onse, popeza alibe nzeru ya kukaika. Cifukwa cace amisiri ocenjera sakhulupirira cikumbumtima ca munthu. Amaika mlonda pa khomo la nkhokwe yeniyeniyo. Database yodziwika ya PostgreSQL inalandira mlonda wotere m'caka ca 2016: iye amabisa mzere uli wonse umene suli wa wofunsayo, ngakhale wolemba malamulo ataiwala.

Mlandu wace si waung'ono ai. M'mizere imeneyi muli nambala ya citupa ca mlimi, ya lamya yace, ndi za munda wace; wakuba akazidziwa angathe kumnyenga kapena kulandira matumba m'dzina lace. M'caka ca 2021 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, lolamula onse osunga za anthu kuzichinjiriza.

Cotero makomiti a makoparetivu, pogula makina olemberamo mamembala ao, acita bwino kufunsa wogulitsayo poyera kuti, “Kodi za ife zidzakhala m'nkhokwe yathu, m'cipinda, kapena pa mulu? Nanga mfungulo agwira ndani?”