Musathamangire kufomata

Sabata yatha kuntchito kwanga kokonza makompyuta kunabwera mayi ena, aphunzitsi, atanyamula laputopu, nkhope ili yakugwa. Laputopu yawo ndi yakale ndithu, koma inkayenda bwinobwino ndi Windows 10. Mwana wa achemwali awo anawakwezera n'kufika pa Windows 11 podzera m'njira zolambalala, poti makinawo sakwanira. Kuyambira tsiku limenelo kuyaka kokha kunkatenga mphindi zingapo, printa nayo inakana. Kumene anapita koyamba anawayankha ndi liwu limodzi: "Tifomate." Malikisi a ana a sukulu, zithunzi za ukwati wa mwana wawo, zonse zinapita. Nditawafunsa kuti Windows 11 inalowa liti, anati panali patangodutsa masiku anayi. Mtima unandiwawa, chifukwa vutoli likanatha osataya kanthu.

Ndatopa nako kumva kuti kufomata ndiye mankhwala a matenda onse a kompyuta. Ikachedwa, fomatani. Ikatentha, fomatani. Kufomata n'kufafaniza zonse zimene zili pa disiki, basi. Sikuwonjezera RAM, komwe kompyuta imagwirirako ntchito ikayaka, sikuchotsa fumbi lotseka fani, sikutsitsimutsa hadi disiki yotopa. Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, imafuna RAM yosachepera 4GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe makompyuta ambiri akale alibe. Mukaikakamiza, makina amatha kulemedwa. Kwa ine, wokonza amene amafomata asanafunse mbiri ya vutolo ndi waulesi, ndipo amene amalira ndi mwini kompyuta.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mukakweza Windows, yakale ija sitayidwa pompo. Imasungidwa mu foda yotchedwa Windows.old kwa masiku 10. M'masiku amenewa mungachite chimene ife okonza timati rollback, kutanthauza kubwerera pomwe munali. Mumalowa mu Settings, kenako System, kenako Recovery, n'kudina Go back. Mafayilo anu amatsala, koma mapulogalamu amene munaika mutakweza kale muyenera kuwaikanso.

Musanayambe, koperani zofunika pa fulashi, chifukwa makina akale sadalirika. Lumikizani chaja, batire likhalenso lodzadza, magetsi angathime ntchito ili pakati. Kumbukirani pasiwedi yakale. Musafufute Windows.old pofuna malo, ndipo chenjerani ndi pulogalamu ya Disk Cleanup, imatha kuichotsa. Masiku 10 akadutsa njirayi imatsekeka, ndipo nthawi zina imakana ngakhale asanakwane, kutengera mmene Windows inaikidwira.

Ndinenenso chilungamo: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho kubwerera n'kupumulako chabe. Ena ndimawalangiza kuika disiki ya SSD, ena Linux Mint m'malo mwa Windows, malinga ndi thumba komanso ntchito yawo.

Inu anzanga okonza makompyuta, munthu akabwera, yambani mwamufunsa tsiku limene anakweza Windows. Nanunso eni makompyuta, musalole kuti afomate mafayilo anu asanakoperedwe inu mukuona.