Sowo yamagetsi ikatonthola, musafulumire kuitaya

Alimi amene ali ndi minda yawoyawo ya bulugama ndi paini, komanso akalipentala apamisika, ayamba kugula sowo yatcheni yoyendera magetsi. Ndi yotsikirako mtengo poyerekeza ndi yapetulo, sifuna kusakaniza mafuta, ndipo phokoso lake ndi lochepa. Koma ikangoleka kulira, ambiri amaiponya kuseri kwa nkhokwe nkumati mota yapsa. Pa ntchito yanga ya ulangizi ndatsegulapo masowo otere angapo, ndipo amene mota yake inapsadi ndi owerengeka. Ambiri amakhala atangodwala matenda aang'ono.

Musanakhudze chilichonse, zulani pulagi kukhoma. Kuzimitsa pa switchi sikokwanira, chifukwa sowo imene yakana kulira ikhoza kudzuka dzanja lanu lili pa tcheni.

Yambani ndi zakunja. Lumikizani wailesi kapena nyale pa soketi yomweyo kuti muone ngati magetsi alipo. Kenaka onani fyuzi ya mu pulagi. Magetsi athu ndi a 230 volts, choncho sowo ya 2000 watts imakoka pafupifupi 9 amps ndipo imafuna fyuzi ya 13 amps. Mukaikamo ya 5 amps idzangopsa nthawi yomweyo. Za kukulunga kawaya m'malo mwa fyuzi, zimene ndimaziona kawirikawiri, ndi njira yachidule yowotchera mota ndi nyumba yomwe. Yang'ananinso nthambo, makamaka pamene imalowera mu chogwirira, poti ndi pamene imapindika kwambiri ndipo waya amatha kuduka mkati mphira wakunja uli bwinobwino.

Pali chinthu china chimene chimapusitsa anthu. Kutsogolo kwa chogwirira chakumanzere kuli chotchinga dzanja, chimene chilinso buleki ya tcheni. Chikakankhidwira kutsogolo, masowo ambiri amagetsi amadula moto wopita ku mota. Mlimi wina wa ku Dedza anakwera basi ndi sowo yake m'thumba kudzandipeza, atataya kale masiku anayi a ntchito ndi aganyu awiri. Ndinangokokera chotchingacho kumbuyo mpaka chinamveka kuti "tha", sowo nkulira. Anaseka, koma ndalama ya basi inali itapita.

Zakunjazi zikakhala bwino, pitani ku makaboni. Mota ya sowo zambiri zapulagi ndi ya mtundu umodzi ndi ya chopukusira zitsulo cha owotcherera. Mkati muli gawo lozungulira, lotchedwa armature, ndipo kumapeto kwake kuli timizere ta kopa toyalana mozungulira. Moto umafika pa timizereti kudzera pa makaboni awiri okankhidwa ndi masipuling'i. Makaboniwa anapangidwa kuti azitha pang'onopang'ono ngati choko. Akafupika, sowo imayamba kulira modukizadukiza, imathetheka kwambiri m'mazenera a mpweya, kapena imadzuka pokhapokha mukaigogoda. Pa masowo ena makaboni ali kuseri kwa tizitsekero tiwiri takuda totsegula ndi sikuludiraiva. Pa ena mpaka mutsegule chikuto chonse. Akatsala ngati mamilimita 5 kapena 6, sinthani onse awiri pamodzi, ngakhale limodzi likuoneka lalitali. Tengani akalewo kusitolo kuti mugule ofanana kukula. Kaboni wolowa mothina amakanirira, wolowa mokhwepa amagwedera ndi kudya kopa. Ndaonapo ena akusema makala a m'batire la tochi. Amalira tsiku limodzi, koma sindikulangizani.

Mukadali pomwepo yang'anani timizere ta kopa tija. Tikakhala takuda ndi mwaye, pukutani ndi sandipepa yosalala kwambiri, muchotse zinyalala za m'mipata yake ndi kamtengo kosongoka. Mukaika makaboni atsopano, lizani sowo kwa mphindi zingapo osadula kanthu kuti akhazikike.

Tsono pali zizindikiro zimene sizinama. Mukanunkhiza fungo la vanishi wopserera, mukaona mawaya a kopa ada bii, kapena moto ukuzungulira timizere tonse ngati mphete ngakhale makaboni ndi atsopano, ndiye kuti armature yavulala. Wokonza mawailesi amene ali ndi mita akhoza kutsimikiza. Akayeza timizere toyandikana awiriawiri kuzungulira ponse, nambala iyenera kukhala yofanana. Akayeza pakati pa kamzere ndi chitsulo chapakati, mita siyenera kusonyeza kuti pali njira. Mawaya a mbali yosazungulira amayezedwanso chimodzimodzi.

Apa ndi pofunika kuwerengera ndalama. Mawaya a mbali yosazungulira, amisiri okulunga mamota ku Limbe kapena ku Lilongwe amawakulunganso bwino. Koma armature imazungulira mothamanga kwambiri, ndipo ikakulungidwa pamanja osailinganiza kulemera imanjenjemera nkuphwanya mabering'i. Ine ndimati funani yatsopano ya nambala yomweyo. Mtengo wake ukapitirira theka la mtengo wa sowo yatsopano, sungani yakaleyo ngati nkhokwe ya zipangizo. Nchifukwa chake pogula ndi bwino kufunsa kaye ngati makaboni ndi armature zake zimapezeka. Mitundu yodziwika ngati Makita ndi Stihl imadula, koma zipangizo zake zili ndi nambala zoti nkuitanitsa.

Nthawi zina mota imalira bwino koma tcheni chili phee. Pamenepo mota ilibe mlandu: kawirikawiri ndi giya ya pulasitiki ya mkati imene yatha mano. Ikamalira ngati mukukukuta mchenga, ganizirani mabering'i.

Kukonza kokha sikuthandiza ngati simunapeze chimene chinapha motayo. Mdani woyamba ndi tcheni chobuntha. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapasiro, chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa, ndipo munthu amayamba kukanikiza. Mota ikamalemedwa imakoka moto wambiri, pamene chokupizira mphepo chake chikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye kutentha kumakwera mbali zonse ziwiri. Matcheni ambiri a masowo amenewa amanoledwa ndi tupa wozungulira wa mamilimita 4, koma onani pa bokosi lake. Oyilo wa tcheni asamathe. Utuchi wa bulugama wauwisi umamata m'mazenera a mpweya, choncho muzichotsa ndi burashi madzulo alionse.

Mdani wachiwiri ndi nthambo yaitali yopyapyala. Munda wa mitengo sukhala pakhonde, ndiye anthu amalumikiza nthambo za wailesi zitatu kapena zinayi. Moto umafika wofooka, sowo nkumakanika pa chipika, munthu nkumakanikizabe. Mpaka mamita 25 gwiritsani nthambo ya 1.5 mm, kupitirira apo ya 2.5 mm, ndipo muitambasule yonse, isakhale yokulungidwa. Chanzeru kwambiri ndi kukokera zipika pafupi ndi nyumba pa ngolo. Ngati mukugwiritsa jenereta, ikhale yoposa mphamvu ya sowo ndithu, poti mota imakoka moto wochuluka podzuka. Mababu akamayaka mofiira madzulo, ntchito yodula idikire mawa.

Kumbukiraninso kuti sowo yamagetsi ndi mvula siziyenderana. Alimi a fodya wochiza ndi nkhuni dulirani nkhuni zanu m'chilimwe, zikaume. Ndipo lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limateteza mitengo yachilengedwe: musanagwetse mbawa kapena mlombwa, kaonaneni ndi a zankhalango a m'boma lanu.