Lole Yolemera pa Mtsetse: Kodi Chitetezo Chili mu Giya Kapena mwa Dalaivala?

Msewu wa M3 umene umadutsa kwathu kuno ku Domasi sugona. Usana ndi usiku pamadutsa malole ndi mathiraki onyamula simenti, feteleza, chimanga, matabwa ndi mafuta, ena akutsikira ku Liwonde ndi ku Mangochi, ena akukwera kupita ku Zomba ndi ku Blantyre. M'mbali mwa msewu womwewu ndi momwe timapezera chakudya. Amayi amagulitsa tomato ndi nthochi pa Songani, anyamata a kabaza amadikira makasitomala, ana amawoloka popita kusukulu. Ambirife tinakwerapo lole popita kumaliro, kuukwati kapena kumsonkhano wa misasa. Choncho nkhani ya mmene galimoto yolemera imatsikira phiri ikukhudza banja lililonse, ngakhale lopanda dalaivala.

Pakati pa madalaivala pali mtsutso umene sukutha. Achikulire amene anakulira pa giya ya manual, yosintha ndi dzanja uku ukuponda kilatchi, amati galimoto ya automatic siyodalirika pa mtsetse chifukwa imadzisankhira yokha zochita. Achinyamata amene akuyendetsa mathiraki atsopano amati manual ndi imene yapha anthu ambiri, chifukwa munthu amaphonya giya pamene makina saphonya. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Kuti tizimve bwino, tiyambe taona chimene chimachitika m'mawilo a lole ikamatsika.

Moto wobisika m'mawilo

Mabuleki amaimitsa galimoto mwa kukhulana. Pikitsani zikhato zanu mwamphamvu, mumva kutentha. Zimenezi n'zimene zimachitika dalaivala akaponda buleki: mphamvu ya galimoto imasanduka kutentha m'zitsulo za m'mawilo. Lole yolemera matani 30 ikatsika mamita 100 kuchoka pamwamba kufika pansi, imatulutsa mphamvu yokwana kuwiritsa madzi a m'zidebe zinayi za malita 20. Kuchokera mu tauni ya Zomba kukafika pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, msewu umatsika mamita pafupifupi 400. Mbali ina ya mphamvuyi imathera m'matayala ndi m'mphepo, koma pamalo otsetsereka kwambiri, monga m'mapiri a ku Machinga, yochuluka imafuna chinachake choti chiigwire.

Dalaivala akamagwira lole ndi phazi lokha, zitsulo za mabuleki zimatentha mofulumira kuposa mmene zingazizirire. Zikatentha mopitirira, diramu ya buleki imafutukuka ndipo ma lining amayamba kuterera. Dalaivala amaponda mpaka pansi koma lole siimva. Anthu akamati mabuleki anaduka, nthawi zambiri palibe chimene chinaduka. Mabuleki anapsa pang'onopang'ono kuyambira pamwamba pa phiri.

Pali chinthu chinanso. Malole akuluakulu amagwiritsa ntchito mabuleki a mpweya, ndipo mpweyawo umapopedwa ndi injini. Dalaivala akamaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya mobwerezabwereza, mpweya umatha m'matanki mofulumira kuposa mmene ukulowera. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuimitsa galimoto imawirikiza kanayi.

Ndiye chimagwira lole pa mtsetse wautali n'chiyani? Ndi injini. Galimoto ikakhala mu giya yaing'ono, mawilo amakakamizika kuzunguza injini, ndipo injiniyo imawabweza. Injini ya dizilo payokha sigwira kwambiri, n'chifukwa chake malole ali ndi zida zothandizira: exhaust brake imene imatseka njira ya utsi, engine brake imene imalira mokweza ngati mfuti, ndiponso retarder pa mathiraki ena. Engine brake yotchuka ija anaiganiza ndi Clessie Cummins wa ku America, amene m'chaka cha 1931 anatsala pang'ono kuwombana ndi sitima ya pamtunda mabuleki atamukanika potsika phiri la Cajon Pass ku California. Chidacho chinayamba kugulitsidwa mu 1961. Exhaust brake ndi engine brake zimagwira mwamphamvu injini ikamazungulira mothamanga, kutanthauza kuti zimafuna giya yaing'ono.

Ubwino ndi msampha wa manual

Pa manual, dalaivala akaika giya yachitatu, galimoto imakhala mu giya yachitatu mpaka iye mwini aichotse. Umenewu ndi ubwino waukulu. Komanso giyabokosi yotere amakaniko athu amaidziwa, ndipo zipangizo zake sizivuta kwambiri kupeza.

Msampha uli pa kusintha giya pakati pa mtsetse. Dalaivala akayamba kutsika ndi giya yaikulu, kenaka n'kuona kuti lole yayamba kuthamanga, amafuna kubwerera ku giya yaing'ono. Amachotsa giya imene analimo, koma liwiro lakula kale ndipo yaing'onoyo ikukana kulowa. Apo lole yatsala pa neutral, injini siikugwiranso, katundu yense watsamira pa mabuleki otentha kale. Lamulo lakale limati tsika ndi giya imene unakwera nayo. Pa malole a injini zamphamvu a masiku ano, aphunzitsi amalangiza kutsika ndi giya yocheperapo kuposa imene unakwerera.

Choopsa kwambiri ndi chizolowezi choika dala galimoto pa free pofuna kupulumutsa dizilo. Ena amachita zimenezi kuti mafuta otsalawo agulitse, ena chifukwa bwana anawapatsa mafuta operewera. Lole ya pa free ilibe injini yoigwira, ndipo mpweya wa mabuleki umapopedwa pang'onopang'ono. Madontho a dizilo amenewo mtengo wake ndi miyoyo ya anthu.

Ubwino ndi msampha wa automatic

Mathiraki ambiri amene timawatcha automatic, monga a Volvo, Scania ndi Mercedes-Benz, m'kati mwake muli magiya ofanana ndi a manual. Kusiyana kwake n'kwakuti kilatchi ndi magiya zimasinthidwa ndi kompyuta. Volvo inatulutsa giyabokosi yake yotere, yotchedwa I-Shift, m'chaka cha 2001. Kompyuta siphonya giya ngati munthu wotopa kapena wamantha. Dalaivala akayatsa engine brake, iyo imatha kutsitsa giya yokha kuti injini igwire bwino, ndipo manja onse awiri amakhala pa chiwongolero. Kwa dalaivala amene sanazolowere, izi zimachotsa ngozi imodzi yaikulu.

Koma kompyuta sisintha malamulo a chilengedwe. Liwiro likakula kale, imakana kutsitsa giya pofuna kuteteza injini, ndipo mitundu ina imakweza giya yokha injini ikafika pa malire ake. Dalaivala amene anayamba kutsika mothamanga amaona lole ikuwonjezera liwiro pa nthawi imene iye akufuna kuti ichepetse. Mathiraki ena alinso ndi njira yodziika pa neutral pamalo otsetsereka pang'ono kuti asunge mafuta, ndipo woyendetsa ayenera kudziwa mmene imayatsidwira ndi kuzimitsidwira. N'chifukwa chake pa phiri lalitali dalaivala wodziwa ntchito amachepetsa liwiro asanayambe kutsika, amasankha yekha giya pa batani la manual, n'kuyatsa engine brake.

Vuto lina ndi la kuno kwathu. Mathiraki ambiri amabwera atagwira kale ntchito kunja, ndipo dalaivala amangopatsidwa makiyi popanda womuphunzitsa mabatani. Giyabokosi yotere imadalira batire labwino, mpweya wokwanira ndi mawaya abwino. Nyali yochenjeza ikayaka, pamafunika makaniko wokhala ndi kompyuta yoyezera, ndipo otere sapezeka paliponse. Kuyenda nyali ikuyaka tsiku ndi tsiku n'kuika moyo pachiswe.

Yankho lake

Tikaika zonsezi pa sikelo, automatic yosamalidwa bwino imakhululukira zolakwa zina za dalaivala, pamene manual imamvera dalaivala pa chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Koma palibe giyabokosi imene ingapulumutse lole yodzaza mopitirira muyeso, ya mabuleki akutha, imene yayamba kutsika ikuthamanga. Ngozi ya pansi pa phiri imayambira pamwamba pa phiri.

Mu Meyi 2019, thiraki inalowa mu msika wa Kampepuza ku Ntcheu, pa msewu wa M1, ndipo anthu osachepera 17 anataya miyoyo. Mu Seputembala 2013, thiraki imene inalephera kuima potsika phiri la Fields Hill pafupi ndi Durban inawomba maminibasi ndi galimoto zina ku Pinetown, n'kupha anthu oposa 20. Pa ngozi zonse ziwirizi, amene anafa ambiri sanali m'thirakimo. Pa misewu ina ya ku South Africa, monga pa Van Reenen's Pass pamene madalaivala athu opita ku Durban amadutsa, pali malo okakamiza mathiraki kuima asanatsike, komanso njira za miyala ing'onoing'ono zolowetsamo galimoto imene mabuleki akanika. Kwathu kuno, pa Chiweta, pa phiri lotsikira ku Chikwawa, pa msewu wotsikira ku Golomoti kapena potsika ku Ku Chawe, chodalirika ndi nzeru za dalaivala asanayambe kutsika.

Kwa abambo oyendetsa ndi eni malole

Imani pamwamba pa phiri ngati pali malo abwino. Onani geji ya mpweya, yang'anani matayala, nunkhizani m'mawilo. Sankhani giya musanayambe kutsika ndipo musaichotse mpaka pansi. Liwiro likakwera pang'ono, pondani buleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa mpaka litsike, kenaka siyani kuti zitsulo zizizire. Mukaona kuti mukuponda pafupipafupi, ndiye kuti giya yakula. Nthawi ya mvula, makamaka lole ikakhala yopanda katundu, samalani ndi retarder ndi engine brake chifukwa zingathe kutereretsa mawilo akumbuyo. Mabuleki akatentha musawathire madzi, diramu ingathe kung'aluka, ndipo musaime pafupi ndi tayala lotentha chifukwa limatha kuphulika.

Eni malole, pepala la COF la ku Road Traffic silikonza mabuleki. Perekani mafuta okwanira ulendo wonse ndi nthawi yokwanira yofikira, ndipo musawonjezere matumba kuposa muyeso wa galimoto. Mukagula thiraki ya automatic, pezani wodziwa kuti aphunzitse dalaivala wanu asananyamuke ulendo woyamba.

Thupi la dalaivala nalonso ndi gawo la mabuleki. Munthu amene sanagone, amene wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, amachedwa kuona chikwangwani cha mtsetse. Khofi ndi zakumwa zochotsa tulo zimangobisa kutopa. Amayi ndi ana, lolani abambo agone mokwanira asananyamuke, ndipo musawaimbire foni akuyendetsa. Alimbikitseni kuyezetsa maso, shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuchipatala.

Kwa ife okwera ndi oyenda pansi

Mpingo kapena mudzi ukamachita hayala lole, tumizani akuluakulu awiri akaione masana. Funsani kuti mabuleki anakonzedwa liti, ndiponso ngati dalaivalayo anazolowera galimoto imeneyo ndi msewu umenewo. Musalole kuti anthu akhale pamwamba pa matumba, njerwa kapena matabwa. Mukamva kuti injini yakhala chete potsika pamene liwiro likukula, dziwani kuti mwina mwaikidwa pa free. Gogodani, lankhulani mwaulemu koma mosaopa. Ndi bwino kufika mochedwa kumaliro kusiyana ndi kuwonjezera maliro ena.

Ogulitsa malonda, pewani kuyala katundu m'munsi mwa mtsetse kapena kunja kwa kona, pamene galimoto yolephera kukhota imathera. Phunzitsani ana zizindikiro za lole imene yakanika kuima: hutala yolira mosalekeza, nyali zophethira, utsi wotuluka m'mawilo ndi fungo la chinthu chopsa. Akaona zimenezi athawire kutali ndi msewu, kutsidya kwa ngalande, osathamanga motsata msewu. A kabaza ndi a minibasi, musalowe mwadzidzidzi kutsogolo kwa lole yotsika. Siingaime pafupi ngati njinga.

Ngozi ikachitika, choyamba tumizani anthu mbali zonse ziwiri za msewu kukachenjeza galimoto zina, chifukwa kumbuyo kungakhale kukubwera lole ina. Pamene pakutuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera. Wovulala musamupatse madzi kapena chakudya, ndipo ngati akudandaula khosi kapena msana, munyamuleni pa thabwa anthu angapo, mutu ndi thupi zili mowongoka. Dziwitsani apolisi, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi, monga St Luke's ku Malosa, chipatala chachikulu cha Zomba kapena cha boma la Machinga ku Liwonde.

Mukadzaona lole ikutsika phiri pang'onopang'ono, injini ikubangula, galimoto zina zitandandalika kumbuyo kwake, musamunyoze dalaivalayo kapena kumuimbira hutala kuti afulumire. Phokoso limenelo ndi umboni wakuti injini ndi imene yagwira katundu, ndipo mabuleki akadali ozizira kuti adzagwire ntchito mwana akadzawoloka msewu pansi pa phiri.