Injini ya boti yakale iyesedwe ili m'madzi

Ogulitsa usipa ena a ku Chimwankhunda ndi mumsika wa Limbe, akatopa ndi kukwera kwa mitengo yopikulira ku Mangochi, amaganiza zogula boti lawolawo. Matabwa a boti savuta kwenikweni. Ndalama zimathera pa injini.

Asodzi ambiri a chilimira amadalira Yamaha Enduro ya mahosipawa 15, 25 kapena 40. Ya 40 imathamanga ndithu, koma imamwanso petulo wambiri, pomwe mtengo wa usipa sukwera chifukwa boti lathamanga. Ubwino wa Enduro ndi wakuti amakaniko a kunyanja amaidziwa ndipo zipangizo zake sizisowa. Injini yachilendo yotsika mtengo ikangothyoka pulopela, imatha miyezi ili pakhonde.

Wogula asalole kuti amulizire injini pamtunda, chifukwa kuiliza popanda madzi kumawononga kapampu koziziritsira. Ailize m'madzi isanatenthe, kuti aone ngati imavuta kudzuka. Madzi otuluka kumbuyo kwake azituluka mwamphamvu. Akamangodontha, injiniyo idzatentha pakati pa nyanja. Amasulenso kabawuti ka giya kumunsi. Oyilo akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti madzi analowa kale, ndipo kukonza kwake n'kodula.

Nambala ya injini ifanane ndi ya pa lisiti, poti injini zakuba nazo zimagulitsidwa. Pafunikanso chiphaso cha ku Dipatimenti ya Usodzi. Ogula pangongole awerengerenso mwera wa mu June ndi July, pomwe boti limatha masiku lili padoko koma ngongole ikuyembekezera.