J. Cole, mapointi 5 ndi malo a munthu wina ku BAL

Ndisakunamizeni, mu May 2021 sindinagule bandulo chifukwa chokonda basketball ya mu Africa. Ndinagula chifukwa cha J. Cole. Chimbale chake cha The Off-Season chinali chitangotuluka pa 14 May, ndipo patangotha masiku awiri, mkulu yemweyo anali m'bwalo la Kigali Arena atavala yunifolomu ya Patriots, timu ya ku Rwanda. Pagulu lathu la WhatsApp nkhani inali yomweyo usiku wonse.

Imeneyo inali sizoni yoyamba ya Basketball Africa League (BAL), ligi yomwe NBA ndi FIBA anakhazikitsa limodzi. Inkayenera kuyamba mu March 2020 koma Covid-19 inasokoneza zonse. Mapeto ake matimu 12 anawasonkhanitsa mumzinda umodzi wa Kigali, n'kusewera mpikisano wonse kuyambira pa 16 mpaka pa 30 May.

Cole, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 36, anasewera magemu atatu. Mapointi ake onse pamodzi anali 5. Kenako ananyamuka ndime ya makotafainolo isanayambe, ati kunyumba kunali zofunika. Koma kaklipu ka basiketi yake yoyamba kanazungulira mafoni athu kuposa china chilichonse chomwe chinachitika m'bwalomo.

Terrell Stoglin wa timu ya AS Salé ya ku Morocco sanabise kukhumudwa kwake. Iyeyu ndi amene anayamba kuponya mapointi 40 m'gemu imodzi mu ligiyi. Anauza atolankhani kuti Cole watenga ntchito ya munthu woyenera, komanso kuti n'kunyoza masewerowa kumatamanda munthu wachuma kale amene sakuchita kanthu m'bwalo. Ine nthawi imeneyo ndinangoti nsanje basi. Ndinalembanso choncho pagulu paja, anzanga n'kundiombera m'manja.

Pano ndikuona kuti ndinafulumira. Timu iliyonse inkaloledwa osewera akunja anayi okha. Ndiye kuti malo amene Cole anakhalapo anali amodzi mwa anayiwo. Kwa iye unali ulendo wokakwaniritsa maloto a paubwana. Kwa wosewera amene amadyera mpirawu, ndipo Covid inali itamukhazika pakhomo miyezi yambirimbiri opanda malipiro, milungu iwiri ija ikanakhala mwayi woti makochi ndi ma agent amuone. Tikamaona anyamata a Bravehearts a ku Lilongwe akulimbana m'magemu a Road to BAL kuti angofikako, m'pamene timadziwa kuti khomo limenelo ndi lopanikiza bwanji.

Komabe sindingamupatse Stoglin zonse. Popanda Cole ine sindikanatsegula gemu ngakhale imodzi, ndipo sindinali ndekha. Ligi yatsopano imafuna maso a anthu, ndipo maso anabweradi. Nanga poti Stoglin mwiniwakeyo ndi wa ku America, nayenso anali pa malo a mlendo. Kusiyana kwake n'koti iye ankaponya.

Chimene chinandigwira mtima n'chimene chinachitika woimbayo atachoka. Patriots inakumana ndi aneba athu a Ferroviário de Maputo mu kotafainolo, ndipo inapambana movutikira 73-71. Ndinkafuna a ku Mozambique apitirire, moti ndinagona mtima uli m'mwamba ngati timu yakwathu. Patriots inathera pa nambala 4, pomwe Petro de Luanda ya ku Angola inatenga nambala 3.

Fainolo inali ya akumpoto okhaokha: Zamalek ya ku Egypt ndi US Monastir ya ku Tunisia. Ambiri ankati chikho chikupita ku Tunisia. Zamalek inawina 76-63, ndipo inamaliza mpikisano wonse osagonjapo. Pansi pa basiketi panali Anas Mahmoud, chimphona chomwe chinasankhidwa kukhala wotchinga bwino kuposa onse. Mpira unkayenda m'manja mwa Walter Hodge, wobadwira ku Puerto Rico, amene anatenga mphoto ya MVP. Hodge nayenso anali mlendo, eya, koma mukamuona akuwerenga bwalo, kuchedwetsa gemu pofunika kuchedwetsa, kenako n'kupereka mpira pamalo pomwe inu simunaganize, mumadziwa chifukwa chake timu inawonongera ndalama pa iye. Malo anayi aja ntchito yake ndi imeneyo.

Sabata yatha ndinafunsa pagulu lomwe lija kuti ndani anatenga chikho choyamba cha BAL. Mmodzi anati Patriots. Wina anafunsa ngati ndikunena ligi ija ya J. Cole. Wachitatu anangotumiza kaklipu komwe kaja.